Za Amisiri a ku Nyanja ndi Amene Awathandiza

Munthu akachoka pa boma la Salima nalunjika kum'mawa, pa mseu wopita ku Senga Bay, asanafike pamadzi apeza timisasa tandandalika m'mbali mwa mseu. M'menemo mukhala amisiri osema mitengo. Aika poyera mipando ya mafumu, mabawo, mbale, njovu, mvuu, ndi asodzi ali m'mabwato ao. Ine ndadzera njira imeneyo kawirikawiri, ndipo tsiku lina ndinakhala pansi ndi mmodzi wa iwo, mkulu wa imvi, amene anali kupala njovu ndi kampeni. Ndinamfunsa nditi, "Kodi bambo, mwasema njovu zingati pa moyo wanu?" Iye anaseka, nati saziwerenga. Pamenepo anabvundukula chiguduli kuseri kwa msasa, nandionetsa chosema china: mai ali kuyanika usipa pa thandala, mwana ali kumbuyo, nkhope yake yotopa ndi dzuwa. Chinali chokoma koposa zonse za m'msasamo. Koma iye anati, "Ichi chakhala pano zaka. Alendo afuna njovu."

Mau amenewo ndiwo andichititsa kulemba. Masiku ano timva kawirikawiri za thandizo la anthu a luso, za ndalama zochokera ku maiko ena, za mabungwe ndi zikondwerero. Ndifuna tiyese thandizo limeneli monga mai ayesa mbiya asanaigule, poigogoda kuti amve ngati ili ndi mng'alu. Funso langa ndi limodzi: kodi thandizolo lifika kwa mmisiri wa kumudzi, ndipo likafika limchititsa kupanga zotani?

Tiyambe ndi zikondwerero za nyimbo, pakuti ndizo zimveka kutali. Chikondwerero cha Lake of Stars chinayamba ku Chintheche m'chaka cha 2004, ndipo chinachitika pa gombe la Salima mu 2008 ndi mu 2018. China, cha Sand Music Festival, anachiyambitsa mu 2010 woimba Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024. Ndipo zaka zingapo chinachitikira pa mchenga wa Livingstonia Beach ku Senga Bay komweko. Kunabwera oimba otchuka ochokera ku Tanzania, ku Congo ndi ku Jamaica. Zabwino zake sitizibisa iai. Nyumba zogona alendo zinadzala, amai anagulitsa nsomba ndi mandasi, osema anagulitsa m'masiku atatu zimene sagulitsa m'miyezi, ndipo anyamata ena a dziko lino anaimba koyamba pamaso pa khamu lalikulu. Amene anakonza zimenezi anagwira nchito yolemetsa, naika ndalama zao pa chiswe.

Koma makolo anati mlendo ndi mame. Chikondwerero chikhala masiku atatu, ndipo chaka chili ndi masiku 365. Lolemba m'mawa nsanja yapasuka, magalimoto abwerera ku Lilongwe, pa mchenga patsala mabotolo okha. Ndiponso chikondwerero chotere ndi malonda; chiyenera kubweza ndalama zake pa khomo, chifukwa chake chiitana dzina limene lidzakoka anthu a m'tauni, ndipo mtengo wolowera uposa thumba la msodzi. Mkulu woimba bangwe kwa Maganga, kapena gulu la amai a chioda, akapeza mpata pamenepo, apeza masana dzuwa lili pamutu, anthu asanasonkhane. Sindinena kuti eni chikondwerero alakwa. Ndinena kuti ife tilakwa tikayesa phwando la masiku atatu ngati munda wodyetsa mmisiri chaka chonse.

Chachiwiri ndicho ndalama za m'mabungwe. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza nchito za olemba ndi oimba mu 1989, ndipo mu 1992 kunabadwa bungwe la COSOMA, losonkhanitsa ndalama kwa nyumba za wailesi ndi ena ogwiritsa nchito nyimbo, ndi kuzigawira eni ake. Kuyambira 2004 boma la Norway linapereka ndalama kudzera m'bungwe lomweli, zolimbitsa magulu a oimba, olemba, ojambula ndi a zisudzo. Lamulo latsopano la 2016 linatsegula njira ya msonkho pa zipangizo zokopera ndi kusungira nyimbo, linakhazikitsanso thumba lothandiza nchito za luso. Izi nzabwino ndithu, ndipo oimba ambiri amene kale anangomva nyimbo zao pa wailesi osalandira kanthu, analandirapo.

Tsono taonani pamene pali mng'alu. Ndalama zotere zili ndi khomo lake, ndipo khomolo ndi pepala. Wofuna thandizo alembe chimene adzachita, awerengetse mtengo wa chinthu chilichonse, akhale ndi buku la ku banki, ndipo potsiriza alembe lipoti. Ndipo kawirikawiri zonsezi zilembedwa m'Chingerezi, ndi kutumizidwa ku Lilongwe, ulendo wa makilomita ngati 100 kuchokera ku Salima. Opereka ali ndi chifukwa chao, pakuti ndalama za eni ziyenera kulondoleka. Koma chotuluka chake nchakuti apambana ndi wodziwa kulemba, ndipo wodziwa kusema atsala. Dzanja limene lazolowera kasemasema zaka makumi anai silizolowera fomu. Ndiponso malipiro a nyimbo ndi mabuku atsata chinthu chimene chikopedwa kapena kuulutsidwa. Nyimbo ilira pa wailesi kambirimbiri, ndipo mwini wake akhoza kulandira kambirimbiri. Koma mpando wosema ugulidwa kamodzi, mkeka ugulidwa kamodzi, ndipo kubvina kwa pa bwalo sikusiya chizindikiro chimene mlembi angachiwerenge.

Chifukwa chake mmisiri wa ku nyanja watsala ndi mthandizi mmodzi, ndiye mlendo wodutsa. Ndipo mlendo ameneyu, ngakhale ali wa mtima wabwino, waumba luso lathu monga mwa chikwama chake. Afuna kanthu kakang'ono kolowa m'katundu wa pa ndege, kotsika mtengo, ndi kofanana ndi Afrika amene anamuona m'zithunzi asanabwere. Potero timisasa tonse tidzala ndi njovu imodzimodzi, ndi mutu womwewo, ndi chitamba chopindika mofanana. Ndipo pothamangira kutsiriza, ena adetsa mtengo woyera ndi polishi ya nsapato kuti uoneke ngati phingo. Manja ali ndi luso, zimenezo zioneka pa kusalala kwa nchito. Koma maso a mmisiri aleka kuyang'ana. Iye aona asodzi akukoka chilimira m'bandakucha, aona nyali za m'mabwato usiku, aona maliro ndi maukwati a kwao, koma sasema zimenezo, chifukwa palibe wozifunsa. Uku ndiko kutaya kwakukulu, koposa kuchepa kwa ndalama: mudzi ukhala ndi amisiri, koma ulibe chithunzi chake.

Ndipo mthandizi mmodziyo sakhulupirika. Mu 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, ndege za alendo zinaleka kutera m'dziko muno kuyambira April kufikira kuchiyambi kwa September, ndipo mseu wa ku Senga Bay unati zii. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100, ndipo mtengo wa tchizulo, wa vanishi ndi wa nsambo za gitala unakwera pamodzi ndi wa chimanga. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka.

Kodi tsono palibe thandizo limene linagwira mizu? Lilipo, ndipo silili kutali. Kum'mwera kwa Salima, patsinde pa mapiri a Dedza pafupi ndi Mtakataka, pali Mua, pamene ansembe a White Fathers anamanga mishoni mu 1902. Pamenepo mu 1976 Bambo Claude Boucher wa ku Canada, amene Achewa anampatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a luso ochedwa Kungoni. Iye sanabwere ndi fomu. Anasonkhanitsa osema a m'midzi yozungulira, nakhala nao pansi pa denga limodzi chaka ndi chaka, nawapezera zipangizo ndi ogula, nawalimbitsa mtima kuti aseme moyo wa kwao ndi nkhani za m'Buku ndi nkhope za anthu a dziko lino. Zitseko, mitanda ndi magome osemedwa ku Mua zili m'nyumba zopemphereramo m'Malawi muno ndi kunja komwe. Pambali pake pali nyumba ya Chamare yosungiramo zinthu za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kumene wophunzira kusema aona zimene makolo ake anapanga. Munthu akaika chosema cha ku Mua pambali pa njovu ya pa mseu, aona kusiyana msanga: china chili ndi nkhani, chinzake chilibe.

Sindinena kuti ku Mua zonse zili bwino. Kumenekonso ogula ambiri ndi ochokera kutali, ndipo pamene amisiri aphunzira kwa mphunzitsi mmodzi, nchito zao zifanana ngati ana a bere limodzi. Koma phunziro lake nlomveka. Chimene chinakuza amisiri kumeneko ndi zinthu zinai: malo ogwirira nchito, zipangizo, mphunzitsi wokhala nao masiku onse, ndi wogula amene aitanitsa chinthu chatsopano. Ndipo zinaizo zinapitirira zaka makumi, osati masiku atatu.

Tsopano ndibwere kwa ife eni, inu owerenga ndi ine, pakuti nkwapafupi kudzudzula a ku Lilongwe ndi a kutsidya kwa nyanja zazikulu. Makolo athu sanadikire mlendo kuti luso likhale ndi moyo. Wosula makasu analandira nkhuku kapena dengu la mapira. Woumba mbiya anaidzazitsa chimanga. Woomba ng'oma pa ukwati sanabwerere ndi njala. Anyamata a mganda asonkha okha ndalama za zobvala zao zoyera, nakonza okha mabadza ao, ndipo mudzi wowaitana uwaphikira. Nanga ife lero? Tigula mipando ya pulasitiki yosweka m'chaka chimodzi, mmisiri wa mipando ali pa khomo loyandikana nalo. Pa ukwati tilipira mwini zokuzira mau, koma nyimbo zimene aliza tinazikopa pa foni osampatsa woimba ndi tambala yemwe. Mbale wathu akatisemera mtondo, titsitsa mtengo kufikira atachita manyazi, nati, "Tengani." Ndipo mpingo ukafuna gome kapena chitseko, kawirikawiri utuma munthu ku tauni, wosema ali chikhalire pa benchi lachitatu Sabata ndi Sabata. Tikachita zotere, tisadabwe kuti iye asemera mlendo.

Ndipereke tsono uphungu wanga, ndipo ndiugawe patatu.

Kwa osunga ndalama za luso nditi: tsikani ku nyanja. Khalani tsiku limodzi pa Senga Bay, lina pa Chipoka, lina pa Lifuwu, ndi kumva zopempha pakamwa, m'Chichewa ndi m'Chiyao, mlembi wanu alembe ndiye. Yesani munthu ndi nchito ya manja ake, osati ndi Chingerezi chake. Ndalama zochepa zobwera chaka ndi chaka, zogulira zipangizo ndi kufolera msasa, zipindula koposa msonkhano waukulu wa mu hotela umene utha ndi chakudya cha masana.

Kwa amisiri nditi: mutu umodzi susenza denga. Amai a m'midzi yathu aonetsa kale ndi banki mkhonde ndi chipereganyu kuti osauka akhoza kusonkha ndi kukongozana mokhulupirika. Chitani chomwecho. Khalani ndi buku limodzi lolembamo zolowa ndi zotuluka, sankhani mwana wa sukulu akulembereni makalata, panganani mtengo kuti mlendo asakugonjetseni mmodzimmodzi. Oimba ndi opeka nyimbo alembetse nchito zao, pakuti chosalembedwa sichilipidwa. Ndipo pemphani malo kwa mfumu mubzale mbawa ndi mlombwa; phingo likula zaka makumi ambiri, ndipo amene alidula lero osabzala kanthu adula nchito ya mdzukulu wake.

Kwa ife a m'midzi ndi m'mipingo nditi: tiitanitse. Sukulu ikafuna mphoto ya ana, mpingo ukafuna gome, banja likafuna mphatso ya ukwati, tipite kwa mmisiri wa kwathu, timuuze chimene tifuna, timlipire theka asanayambe ndi theka atatsiriza, osanyinyirika. Timpemphe aseme za ife: agogo akusinja, bwato la atate, mtengo wa pa bwalo. Oimba akabwera pa mwambo wathu, mbale yao ya ndalama ikhale yoyamba kuikonza, isakhale yotsalira.

Mwezi wathawu ndinadzeranso pa mseu uja. Mkuluyo anali pomwepo, ali kupala njovu ina, ndipo mai woyanika usipa anali chikhalire pansi pa chiguduli. Ndinachita manyazi pokumbukira kuti ulendo woyamba ndinachitama ndi pakamwa pokha, ndi kuchoka chimanjamanja monga alendo onse. Ndinamfunsa mtengo, ndipo sindinatsitse. Pondipatsa anandifunsa ngati ndidzafunanso china, pakuti ali ndi maganizo a asodzi anai akukoka khoka, amene wakhala akuwaona m'mutu mwake nthawi yaitali. Ndamuuza kuti ayambe.