Utsi umaitana yani?

Mu 2011, mabungwe a CSVR ndi SWOP adatulutsa lipoti lotchedwa The Smoke that Calls, lolembedwa ndi Karl von Holdt ndi anzake. Mfundo yake ndi yakuti anthu a m'makomboni a ku South Africa akaotcha matayala pamsewu, utsiwo umakhala uthenga. Madandaulo adalemba, misonkhano adachititsa, koma akuluakulu sadabwere. Utsi wakuda umaonekera kutali, ndipo ndiwo umawadzutsa pamipando.

Lipotili ndaliwerenga ndili ku Tlhabane, komboni ya ku Rustenburg komwe ambiri amadalira migodi ya pulatinamu, ndipo mfundoyi sindikuitsutsa. Chondidandaulitsa ndi mutu wake, womwe umamveka ngati utsi umalankhula ndi boma lokha. Mmalawi wochita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya eni dziko amaumva mwina. Iye akauona amatseka kagolosale kake n'kuika pasipoti m'thumba, chifukwa sadaiwale Meyi 2008, pamene anthu 62 adaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo.

Olembawo sadabise zimenezi ayi. Ziwawazo zilimo, pamodzi ndi nkhani ya Bokfontein, pafupi ndi Brits m'chigawo chomwechi cha North West, kumene eni dziko ndi alendo adagwirira limodzi ntchito zotukula dera lawo, ndipo ziwawa sizidabuke. Koma chomwe chidatchuka pakamwa pa anthu ndi mutu uja, nkhani ya Bokfontein idatsalira m'kati mwa masamba. Amene akufuna kuliwerenga lipotili ayambire pamenepo.