Mbaula ya Dothi M'kati

Mu June ndi July, Chiperoni ikakuta phiri la Chiradzulu, mvula yowaza n'kumanyowetsa anthu ku Njuli ndi ku Mbulumbuzi, mbaula imasanduka chuma. Alonda amachezera nayo, owotcha chimanga amaifungatira mpaka madzulo. Ambirife tinakula tikuwotha ya malata okhaokha, koma imene imandichititsa chidwi ndi ya dothi m'kati ija, yoning'a pakati ngati mtondo.

Inayambira ku Kenya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo dzina limene limamveka kwambiri pa ntchitoyi ndi la Maxwell Kinyanjui, yemwe anamwalira mu 2012. Iye ndi anzake anatengera nzeru pa mbaula ya ku Thailand youmbidwa m'ndowa, n'kuikonza kuti amisiri a m'misika azitha kukhoma malata ake ndi nyundo ndi tchizulo basi.

Mbaula imodzi imadutsa m'manja mwa amisiri awiri. Woumba amaponda dongo mpaka lisalale, akumachotsa kamwala kalikonse kamene chala chakhudza, chifukwa kamodzi kokha kangang'ambe chiwiya pamoto. Akaumba kambale kokhuthala, amadikira kaume pang'ono, kenako amaboola mabowo pansi pake. Apa ndiye pagona luso. Mabowo akakula, makala aang'ono amagwera kunsi asanapse. Akachepa, phulusa limatseka mpweya, moto n'kufooka. Kambaleko kamauma pamthunzi, osati padzuwa, kasanalowe mu uvuni.

Wokhoma malata amadula zidutswa ziwiri pa mgolo wakale, n'kuzipinda pa chitsulo cha njanji. Muyang'ane dzanja lake lamanzere: limatembenuza lata pang'onopang'ono, nyundo ikugunda pamalo amodzimodzi, mpaka lata lija litazungulira lokha. Amapinda milomo, kuilowetsana, kuiphwatalitsa, ndipo msoko umagwira popanda kuwotcherera. Chidutswa chakumtunda chimanyamula kambale, chakunsi chimalandira phulusa. Amakhomera zogwirira, miyendo, ndi timafuwa titatu tachitsulo tokhazikapo poto. Pomaliza amamata kambale kaja ndi simenti yosakaniza kuti kutentha kusadye lata.

Chimene ndimachikonda koposa ndi kachitseko ka m'munsi. Mukakatsegula, mpweya umakwera m'mabowo, makala n'kufiira. Mukakatseka, moto umagona, koma dothi limasunga kutentha. Mbaula ya malata imafunditsa miyendo msanga, inde, koma imameza makala. Ya dothi imachedwa kugwira, koma imakhalitsa, ndipo manja oti gwa ndi chisanu amamasuka mukawayandikiza pamwamba pake. Kungoti izikhala pakhonde kapena pamalo opita mphepo: mpweya wa makala sununkha, ndipo umapha m'nyumba yotseka.

Kambale kakasweka, mbaula satayiratu. Mmisiri amagumula simenti yakale ndi tchizulo, n'kumata kambale katsopano m'lata lomwelo.