Nthondo ndi Ana a "Inde Bwana"

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tiyeni tikambirane za buku la Nthondo, makamaka momwe sukulu zathu zimaliperekera kwa ana.

Ambiri mukudziwa kuti analilemba ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Mishoni ya Nkhoma. Linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ndi nkhani ya mnyamata amene amakula ali wakuba ndi wosamva, nkuchoka kwawo kukasaka ntchito kutali, nkubwerera kudzakhala mfumu, pomaliza nkutembenuka mtima kukhala Mkhristu.

Buku lotere ndi mtolo wa mafunso. Chinamuyambitsa kuba n'chiyani, mtima woipa kapena m'mimba? Nanga anthu omwe ankadziwa mbiri yake anamuveka bwanji ufumu? Ndipo poti wolembayo anali wantchito wa mishoni, kodi nkhaniyi ikanatha mwanjira ina osati kutembenuka mtima? Sindikunyoza a Ntara ayi. Ndikungoti mwana wa Fomu 3 ali ndi mutu wokwanira kufunsa zimenezi.

Koma tatsegulani manotsi ndi timapamfuleti timene ana amaloweza pokonzekera MSCE. Muona mndandanda wa makhalidwe oipa a Nthondo, mndandanda wa miyambo, kenako phunziro lake: tizimvera akulu, kuba n'koipa. Basi. Mwana akhoza kupeza malikisi abwino bukulo asanalitsegule n'komwe. Waphunzira chiyani pamenepo? Waphunzira kuti yankho lili kale m'thumba mwa wina, ntchito yake ndi kulibweza momwe analilandirira.

Izi sizinayambe dzulo. Makolo athu anakula akuloweza ngodya zinayi za nthawi ya a Kamuzu Banda: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kufunsa munalibemo. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana anakhamukira kusukulu, chinthu chabwino zedi, koma makalasi anadzaza mpaka pansi pa mitengo. Inu mutapatsidwa ana oposa 100 ndi choko chimodzi, mungalole aliyense kufunsa? Mudzangoti khalani chete, koperani. N'chifukwa chake sindiloza chala aphunzitsi. Iwonso anawumbidwa mu chikombole chomwecho.

Wina anena kuti mayi inu mukufuna ana amwano. Ayi ndithu. Ulemu ndi mantha n'zosiyana. Kugwada popereka madzi kwa agogo ndi ulemu. Kuvomera bodza chifukwa wanena ndi wamkulu, amenewo ndi mantha. Ndipo ndikuvomereza kuti kumvera kuli ndi malo ake: namwino asamayeze mankhwala mwa maganizo ake, dalaivala asamatsutsane ndi maloboti. Koma namwino yemweyo akaona kuti pakhadi palembedwa molakwika, tikufuna akhale chete eti?

Funso langa lalikulu ndi ili: ngati sukulu ikukonza antchito omvera, akamvera ndani? Bwerani mumsika muwerenge ife amene tili ndi satifiketi m'sutikesi koma tikugulitsa tomato, kaunjika ndi usipa. Bwana tilibe. Palibe amene amatilembera pabolodi mtengo wa lero. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anagulitsa katundu pa mtengo wa dzulo anakapeza kuti ndalamazo sizikukwananso kupikula wina, mpamba nkuthera pomwepo. Wakatapila akabwera ndi mawu ozuna, chimakupulumutsa ndi kufunsa kuti phindu lake iyeyo lili pati. Andale akabwera ndi nsalu ndi malonjezo, n'chimodzimodzi. Luso limeneli ndi lomwe lija lofunsa kuti wolemba nkhaniyi akufuna ndikhulupirire chiyani, ndipo chifukwa chiyani.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tsono n'zodabwitsa kuti mwambiwu timaulowezetsa ana pa mayeso, koma akakweza dzanja tikuti akutitayitsa nthawi.

Pempho langa ndi laling'ono. Ngati muli ndi mwana kapena mng'ono amene akuwerenga Nthondo, mulandeni manotsi kwa usiku umodzi. Mufunseni ngati iye akanavomera kuti Nthondo akhale mfumu ya mudzi wawo. Akayankha zosiyana ndi zanu, musamukalipire. Mufunseni tsamba limene waonapo zimenezo.