Kanema wa Kamkwamba wabisa thukuta

Acinyamata anzanga, ngati gulu lanu lifuna kuonera kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind, amene Chiwetel Ejiofor anatulutsa mu 2019, onerani ndithu. Koma kanemayu ali ndi cilema, ndipo sindikunena za Cinyanja copunthwa ca Ejiofor ai.

Akuonetsa ngati William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Malawi, atangoimika makina a mphepo, madzi anatuluka m'citsime, njala n'kutha. Sizinatero. Makina ake oyamba anayatsa babu. Pampu ya madzi inabwera patapita zaka.

Buku la mu 2009, limene analemba ndi Bryan Mealer, ndilo lionetsa nchito yeniyeni. Anayamba ndi kamakina kakang'ono, kuona ngati kangalize wailesi. Kenaka dainamo ya njinga ndi mapaipi owongola pamoto. Cheni inali kumuvuta, kumceka zala, mpaka anaika lamba. Mawaya atagundana n'kutsala pang'ono kutentha nyumba, anapanga codulira magetsi ndi misomali ndi maginito a sipika.

Inu amene muphunzira kukonza mawailesi, yambani mwawerenga masamba amenewo musanaonere kanemayu.