Amisiri Osanja Zilembo

Pali ntchito ina imene ikayenda bwino palibe amene amaiona: kusanja mawu motsatira alifabeti m'kompyuta. Ine ndimaipatsa ulemu waukulu.

Kompyuta sidziwa chilembo, imangodziwa nambala. Mu Unicode, dongosolo lopatsa chilembo chilichonse nambala yake, z ndi 122, pomwe ŵ wathu uja wa m'dzina la Malaŵi ndi 373. Ikati isanje potsata nambala zokha, mawu akuti "aŵiri" amakagwera kumbuyo kwa "azimayi", kutali ndi kwawo. Wofufuza dzina la m'bale wake pamndandanda wautali angabwerere poganiza kuti mulibe.

Mark Davis ndi Ken Whistler anakonza njira yotchedwa Unicode Collation Algorithm. Imayamba yaona chilembo chenicheni, kenako kachipewa kapena timadontho ta pamwamba pake, ndipo pomaliza imaona ngati chilembocho n'chachikulu kapena chaching'ono. Apo ŵ amabwerera pambali pa w.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti sanaumirize dziko lonse kutsata mzere umodzi. Ku Sweden, ä amakhala pambuyo pa z, koma m'madikishonale a ku Germany amakhala limodzi ndi a. Ku Denmark, Aa amawerengedwa ngati Å, motero mzinda wa Aarhus umapezeka kumapeto kwa mndandanda. M'Chisipanishi, ch ankasanjidwa ngati chilembo pachokha mpaka 1994. Malamulo otere amasungidwa m'nkhokwe yotchedwa CLDR, chinenero ndi chinenero, ndipo pamafunika munthu wodekha wofunsa eni chinenero kuti, "Kwanu kuno chilembo ichi mumachiika pati?"