Nkhope ya Herode m'Zithunzi za ku Solentiname

Pakati pa amisiri a ku Latin America amene Eklezia ayenera kuwathokoza pali alimi ndi asodzi a ku Solentiname, tizilumba ta pa nyanja ya Nicaragua. M'chaka cha 1966 Bambo Ernesto Cardenal, wansembe amenenso anali mlakatuli, anakhazikitsa kagulu ka akhristu kumeneko. Pa Misa ya Lamulungu sankalalika okha. Atawerenga Mthenga Wabwino, anthu ankakambirana tanthauzo lake, monga tichitira ife m'miphakati. Pambuyo pake anthuwo anaphunzira kujambula ndi utoto, ndipo zina mwa zithunzi zawo zinasindikizidwa mu 1984 m'buku lotchedwa The Gospel in Art by the Peasants of Solentiname. Zithunzi zimenezi ndizo tifuna kuzipima muno.

Woziona koyamba amakopeka ndi kukongola kwake: mitengo yojambulidwa tsamba ndi tsamba, mbalame, mabwato, Yezu wobadwira m'kanyumba ka mlimi. Izi si zachilendo kwa ife. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni mu 1976, osema athu anampatsa kale Yezu ndi Amayi Maria nkhope ndi zovala za kuno kwathu. Koma a ku Solentiname anapitirira apo. Pojambula kuphedwa kwa ana a ku Betelehemu, asilikali a Herode anawaveka yunifomu ya asilikali a Somoza, wolamulira wankhanza wa dziko lawo, nawagwiritsa mfuti. Mayi woyang'ana chithunzicho sankafunsa kuti wakupha ndani, pakuti anali atakumana naye kale pamsewu.

Mphamvu ya zithunzizi yagona pamenepa, ndipo maziko ake ndi a chikhulupiriro. Mwana wa Mulungu atasanduka munthu analowa m'mbiri ya dziko lokhala ndi olamulira odziwika maina awo. Luka Woyera, asanafotokoze za ulaliki wa Yohane, atchula mfumu ya ku Roma, Pilato, Herode, Anasi ndi Kayafa. Nafenso povomera chikhulupiriro chathu timatchula Pilato. Tsono chithunzi chimene chabwera ndi Yezu m'mudzi mwathu nkusiya Herode ku Yudeya chatiuza theka lokha la nkhani.

Ntchito yotchula maina inali yowawa kwa atolankhani a kumeneko. Pedro Joaquín Chamorro, mkonzi wa nyuzipepala ya La Prensa, anaomberedwa ku Managua pa 10 Januwale 1978. Ku El Salvador, Arkiepiskopi Óscar Romero ankawerenga maina a ophedwa ndi osowa pa ulaliki wawo woulutsidwa pa wailesi ya YSAX, mpaka nawonso anaphedwa ali pa guwa pa 24 Malichi 1980.

Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi luso lotere sachita kuphunzitsidwa. Gule wamkulu anatulutsa kalekale Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndiponso Maliya, poyankha amishoni amene ankalimbana ndi dambwe. Pabwalo wamphamvu amapatsidwa nkhope, mudzi wonse nkumzindikira. Funso ndi ili: kodi chipupa cha tchalitchi chingathe kunena zoona monga bwalo linenera? Dowa akudziwa Dzaleka, imene inali ndende ya andale isanasanduke msasa wa othawa kwawo mu 1994. Mlimi wa fodya ndi soya akudziwa sikelo yonyenga ndi ngongole ya katapila. Zakeyo wojambulidwa ataima pafupi ndi sikelo yotero angalalike mwamphamvu kuposa ife tonse.

Komabe kuyamika kwathu kuli ndi malire. Mu Okutobala 1977 achinyamata ena a ku Solentiname anatenga mfuti nakaukira asilikali ku San Carlos, ndipo asilikali a Somoza anabwezera poononga mudzi wa akhristuwo. Chofooka cha zithunzizi ndi chakuti Herode zampatsa nkhope imodzi yokha, ya mdani wa nthawi imeneyo, ngati kuti iye akangogwa uchimo wa olamulira watha. Somoza anagwa mu 1979. Koma boma la Daniel Ortega, mmodzi wa atsogoleri amene anamgwetsa, ndilo linalanda nyumba ya La Prensa mu 2021, niligamula mu 2023 kuti Episkopi Rolando Álvarez akhale m'ndende zaka 26. Bambo Cardenal eni ake anamwalira mu 2020 ali otsutsana ndi boma limenelo. Mthenga Wabwino ndi wozama kuposa chithunzi cha chipani, pakuti pafupi ndi Pilato umaikapo Petulo wokana Ambuye ake, ndiponso akulu a ansembe.

Choncho kwa abale athu amene akupita ku maparishi, pempho lathu ndi ili. Mukaitana mmisiri kuti aseme Njira ya Mtanda, muyambe mwaiwerenga nkhaniyo pamodzi ndi mphakati, monga ankachitira a ku Solentiname, ndipo mmisiriyo amve anthu akunena okha amene akuwasenzetsa mtanda. Akafika pa Kayafa nafunsa kuti amveke chovala chanji, musamyankhire ndinu.