Marabi Pambali pa Mbale: Kufuna Jazz Usiku mu Johannesburg

Amene anakwelapo basi pa Intercity kupita ku Johannesburg adziwa mmene munthu amafikila pa Park Station: miyendo yotupa, msana wouma, m'thumba muli mndandanda wa zinthu zimene a kunyumba anamutuma. Masiku awili kapena atatu amathela m'mashopu. Koma nthawi zambili pamatsala usiku umodzi na tundalama pang'ono, ndipo wokonda nyimbo amayamba kudzifunsa kuti: mu tauni ino, imene inabala Kippie Moeketsi na Miriam Makeba, ningakadyele kuti cakudya ca madzulo uku nikumvetsela jazz yoimbidwa pamaso panga?

Malo alipo, koma ali mitundu iwili. Kuli malo amene amagulitsa nyimbo, n'kukupatsani cakudya kuti musacoke na njala. Kulinso malo amene amagulitsa nyama yoocha na vinyo, n'kuika oimba pakona monga mmene amaikila maluwa pa thebulo. Pa zithunzi onse amafanana: magetsi ofiilila, matambula onyezimila, munthu atanyamula saxophone. Kusiyana kwake mumakumva na makutu, ndipo nthawi zambili mumakumva mutalipila kale.

Ine ninaphunzila zimenezi mu lesitilanti ina ya kumpoto kwa tauniyo, imene sinidzaichula dzina. Oimba anali atatu, wa piano, wa bass na wa ng'oma. Anali aluso, koma anauzidwa kuimba motsitsa kuti odya azimvana pokamba. Wa ng'oma anagwila tumaburashi usiku wonse monga munthu amene apyanga m'nyumba muli wodwala. Wa piano atafika pakati pa nyimbo, pamene zala zake zinayamba kukamba zake-zake, thebulo ya pafupi inayamba kuimbila mnzawo wokondwelela tsiku lobadwa, ndipo operekela zakudya anathandizila na kuomba m'manja. Iye anamwetulila, n'kusiya zimene anali kuimba, n'kuwatsatila. Cakudya cinali cokoma. Koma jazz ni makambilano, woimba wina amafunsa ndipo wina amayankha, ndiye ngati palibe womvetsela, oimbawo amaleka kufunsana mafunso ovuta.

Munthu akacoka pa malo otele angagamule msanga kuti cakudya ndiye mdani wa nyimbo. Ena amakhulupilila zimenezo, ndipo amapeleka citsanzo ca Village Vanguard ya ku New York, imene inatsegulidwa mu 1935 ndipo masiku ano sigulitsa cakudya: mumalipila pakhomo, mumagula cakumwa, mumakhala cete. Koma mbili ya Johannesburg ikana maganizo amenewa. Jazz ya tauni ino inabadwila pafupi na mphika.

M'zaka za m'ma 1920 na 1930, anthu akuda obwela kudzafuna nchito anadzazana m'mayadi a Doornfontein na madela ena apafupi na pakati pa tauni, banja lonse m'kacipinda kamodzi ka malata. Lamulo linali kuwaletsa kugula moŵa wa azungu komanso kuphika wawo, conco azimai anali kuphika mobisa, n'kukwilila migolo pansi poopa apolisi. Moŵa wina waukali anali kuucha skokiaan, ndipo wa ku Chibolya kapena ku Kanyama safunika kumufotokozela zambili, cifukwa adziwa kacasu na mantha amene amayenda nako. Kuti akope makasitomala, mai wa shebeen anali kuitana woliza organ yopondela na mapazi, wina n'kumagwedeza citini ca tumiyala. Munthu anali kulipila pakhomo, kugula moŵa na mbale ya nyama, n'kuvina kucokela pa Cisanu mpaka wikendi yonse ithe. Nyimbo zake zinali kuzungulila pa makodi atatu cabe, kubweleza-bweleza mpaka kuca. Amenewo ndiwo marabi.

Wofuna kununkhiza moyo umenewo awelenge buku la Modikwe Dikobe lochedwa The Marabi Dance, limene linatuluka mu 1973. Likamba za Martha, mtsikana wa mu yadi ya ku Doornfontein, amene mtima wake uli pa George, woliza marabi, pamene makolo ake afuna kuti akwatiwe mwamwambo. Ciganizo ca Dikobe n'cosakongoletsa, ndipo pena nkhani imathamanga kwambili, koma cimene anagwila bwino ni ici: ophunzila na opemphela anali kunyoza marabi monga nyimbo za zidakwa, pamene mabanja ambili anali kulipila lendi na ndalama zocokela pa maphwando omwewo. Nyimbo, moŵa na cakudya zinali m'thumba limodzi. Koma onani cimene cinali kutsogola. Anthu anali kubwela cifukwa ca woliza organ. Iye akakhala wosadziwa, gulu linali kusamukila ku yadi ina, ndipo nyama ya mai uja inali kutsala mumphika.

Boma linagwetsa mayadi aja potsatila lamulo la Slums Act la 1934, ndipo ambili anatumizidwa ku Orlando, kumene pambuyo pake kunakhala mbali ya Soweto. Nyimbo zinasamukila ku Sophiatown, nakonso kusamutsa anthu mokakamiza kunayamba mu 1955. Kuciyambi kwa 1960, gulu la Jazz Epistles, mmene munali Kippie Moeketsi, Hugh Masekela, Jonas Gwangwa na Dollar Brand amene manje ni Abdullah Ibrahim, linajambula cimbale ca Jazz Epistle Verse 1. Mu March caka comweco apolisi anapha anthu ku Sharpeville, ndipo pasanapite nthawi ambili mwa oimbawo anacoka m'dziko. Dorothy Masuka anakhala zaka zambili kuno ku Zambia. Moeketsi anakakhalako ku London na seŵelo la King Kong, n'kubwelela kwawo, kumene anamwalila ali wosauka mu 1983. Conco jazz ya Johannesburg ni nyimbo imene yakhala ikuthamangitsidwa m'nyumba imodzi kupita mu ina, ndipo funso lakuti muimvela kuti si funso la alendo cabe.

Ngakhale tsankho litatha, nyumba zake sizinalimbe. Kippies, kalabu imene inachedwa dzina la Moeketsi pafupi na Market Theatre ku Newtown, inatsegulidwa mu 1987 ndipo inatsekedwa mu 2005. Cimene mupeza pamenepo lelo ni cifanizilo cake, atakhala pa mpando na saxophone m'manja, pambali pali mpando wina wopanda munthu. The Orbit ya ku Braamfontein inatsegulidwa mu 2014. Inali na khichini, koma oimba ndiwo anali eni ake a usiku, ndipo m'badwo wa Nduduzo Makhathini, Thandi Ntuli na Mandla Mlangeni unaimbapo. Nayonso inatseka mu 2019. Apa pali phunzilo limene ife okonda nyimbo sitikonda kumva: matikiti okha nthawi zambili sakwanitsa kulipila lendi, magetsi na oimba asanu. Mbale na botolo ndizo zimanyamula saxophone, monga mmene zinalili kwa mai wa shebeen. Wonyoza khichini ayambe wafunsa amene adzalipila wa ng'oma.

Ndiye pali The Marabi Club, imene inatsegulidwa mu 2017 m'nyumba ya Hallmark House, pafupi na Maboneng, m'dela lomwelo la Doornfontein. Ni malo a jazz na cakudya capamwamba, ndipo dzina lake likumbukila nyimbo za m'mayadi aja. Dzinali lili na mbali ziwili. Mbali imodzi ni ulemu: liu limene aphunzitsi na abusa anali kulichula monyansidwa manje lalembedwa pakhomo monyadila, ndipo oimba apeza nchito. Mbali ina ni funso limene siliyenela kutsekedwa pakamwa: kodi adzukulu a Martha, amene makolo awo anakankhidwila ku Orlando, angakwanitse kangati pa caka kukhala pa thebulo yotele? Funsoli silikhudza malo amodzi. Ngakhale cikondwelelo cacikulu ca Joy of Jazz, cimene cinali kucitikila ku Newtown, cinasamukila ku Sandton, kumene kuli mabanki na mahotela odula. Nyimbo imene inabadwila m'malata ikukwela pang'onopang'ono kupita kumene eni ake amafika monga anchito.

Nanga mlendo wa usiku umodzi acite bwanji? Yambani na dzina la woimba, osati la malo. Ngati cilengezo cikamba cabe kuti kuli bandi, osachula amene aimba, dziwani kuti kumeneko oimba ni zokongoletsa. Malo olemekeza nyimbo amalemba dzina la mtsogoleli wa gulu na nthawi yoyamba, ndipo kaŵili-kaŵili amalipilitsa pakhomo. Ndalama imeneyo musaione monga cilango, cifukwa munthu amene walipila kuti amvele nyimbo sacedwa kuuza mnzake kuti atsitse mau. Tumani foni tsiku lisanafike, popeza malo a jazz amatseka kapena kusamuka mosayembekezeleka, ndipo zimene munamva kwa msuweni zaka ziwili zapitazo zingakhale zinatha. Funsani ngati cakudya cimabwela oimba asanayambe kapena pa nthawi yopuma. Pemphani thebulo ya pafupi na oimba, kutali na bala. Fikani msanga, idyani, ndipo nyimbo ikayamba ikani foloko pansi. Ngati thumba n'lopepuka, funsani oimba eni ake kumene kuli jam session mlungu umenewo, kumene acicepele amakwela pa siteji kukayesa mphamvu zawo pamaso pa akulu-akulu. Pena mudzamva zolakwika, koma mudzamva anthu akufunsana mafunso ovuta aja. Ndipo konzelanitu galimoto yokubwezani, osayenda pansi pakati pa tauni usiku.

Musanapite, mvetselani Mannenberg ya Abdullah Ibrahim, imene inajambulidwa ku Cape Town mu 1974. Makodi ake ocepa amazungulila mobweleza monga a organ ya mu yadi, ndipo saxophone ya Basil Coetzee imayenda pamwamba pake mosafulumila. Mukaidziwa nyimboyi, mudzazindikila marabi ngakhale atavala suti, ndipo mudzadziwa ngati oimba a patsogolo panu akuimba za kwawo kapena akungotengela za ku America kuti asasokoneze odya.

Nkhani iyi siithela ku South Africa. Muno mu Lusaka tili na oimba aluso amene wikendi iliyonse amaima pafupi na dziŵe losambila la hotela, kuimba nyimbo za eni ake motsitsa, pamene zawo zili m'foni zosamveka. Kalindula nayo inavinidwa m'mabala na m'makomboni, pakati pa utsi wa michopo, isanalowe m'maholo a maukwati odula. Tsiku lina munthu adzatsegula malo okongola ku Kabulonga n'kuwacha dzina la nyimbo za ku komboni. Cimeneco si colakwa. Koma tidzafunika kufunsa mafunso amene tafunsa ku Doornfontein: dzina la woimba lalembedwa pakhomo? Alipidwa zingati? Akayamba kuimba, odya amaika mafoloko pansi? Ndipo a ku Matero na ku Mtendere alowela pa khomo la kutsogolo kapena la ku khichini?